Ana a Wrona Anaswa Achikasu

Dzira loyamba linaswa Loweruka m'mawa, mayi anga ali mkati mondilalatira za mphutsi.

"Bogna, ndinene kangati kuti zinthu zakozi zisamakhale pafupi ndi batala?" Anali ataima pa filiji, kachitini ka mphutsi atakagwira ndi zala ziwiri ngati thewera la mwana wa eni ake. "Dzulo kunabwera Mayi Otylia a m'nyumba ya pansiyi. Ndimati nditulutse kirimu wa khofi, kutsegula chitini, zinthu zikuyenda. Mzimayi uja sadzapondanso muno."

"Mphutsi zikakhala potentha zimasanduka zikumbu, mayi."

"Zisanduke. Mwina zingamere mapiko n'kundichokera m'nyumba. Anzako akulera ana, iwe ukulera mphemvu m'kabati."

Mphutsi ndi mphemvuzo ndi chakudya cha ziweto zanga. Nkhondo imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku m'fulati mwathu mu Bytom, ndipo palibe anapambanapo. Ndinalowa kuchipinda kwanga kukasuzumira m'bokosi lofungatira mazira, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba.

Ine ndimaweta analimata akuda. Osati amawanga achikasu aja odzaza m'masitolo a ziweto, koma akuda bii, amene anthu masiku ano akuwasaka ngati apenga. Kuda kumeneko sikubwera mwamwayi. Umasankha wakuda kwambiri mwa anzake, n'kumukweretsa ndi wakuda mnzake, chaka ndi chaka, mpaka mawanga atazimirira. Wrona, wamkazi wanga, ndi chipatso cha ntchito yonseyo, ndipo chaka chino ndi pamene anakula kufika poikira.

Wamwamuna womuyenera analipo mmodzi yekha ku Silesia konse kuno: Bazalt, wakuda mpaka m'zikope, wodukapo chala chimodzi kumwendo wakutsogolo. Mwini wake ndi Ziemek wa ku Zabrze. Tinakumana pa chionetsero cha zokwawa ku Katowice, matebulo athu atayandikana. Tsiku lonse maso ake anali pa Wrona, ndipo madzulo ndi pamene anakumbukira kuti Wrona ali ndi mwini wake.

Anzanga ena anawafunsira ndi maluwa. Ine Ziemek anandifunsira ndi mawu akuti, "Wrona wako adzabwere kwa Bazalt wanga." Munthu wakunja akhoza kuseka, koma kwa ife mawu amenewo ndi aakulu. Wamkazi amapita kwa mwini wamwamuna kwa milungu ingapo, amabwerera kwawo kudzaikira, ndipo ana onse a nyengo imeneyo mumagawana pakati. Wamkazi wa chaka choyamba sumupereka kwa munthu amene ukumukayikira. Ndinamupereka Wrona m'mwezi wa Malichi, ndipo tinapangana kuti ana akangoswa, tidzauza makolo za ukwati wathu.

M'mawa umenewo ndinatsegula bokosi lija. Kamwana kanali katatuluka, konyowa, kakupuma pamwamba pa chikhokhombe chake.

Kanali kachikasu. Kachikasu mbee, ka mizere yakuda yopingasa pamsana, kofanana ndi aja amagulira ana pa tsiku lobadwa. Ndinayatsa tochi poganiza kuti maso akundinamiza. Pofika masana mnzake anaswanso, ndipo anali wowala kuposa woyambayo.

* * *

Ndinamutumizira Ziemek chithunzi popanda mawu. Anachiona nthawi yomweyo, koma yankho linachedwa mpaka ndinatha kutsuka mbale.

"Ndi a ndani amenewa?" analemba.

"A Wrona. Ndi a Bazalt wako."

"Bazalt sabereka zachikasu."

Ndinamuimbira. Anayankha ndi mawu ozizira, ngati akulankhula ndi wogulitsa inshuwalansi.

"Ziemek, tandiuza chachitika n'chiyani kwanu uko."

"Kwathu? Bogna, iwe si wachilendo pa ntchito imeneyi. Ukudziwa kuti wamkazi akakumana ndi wamwamuna kamodzi, amasunga mbewu yake nyengo yonse. Wobwera pambuyo amangotaya mphamvu."

"Ndikudziwa. Ndiye?"

"Ndiye ndikungofunsa. Wrona asanabwere kuno, anayamba wadzera kuti?"

"Sanatulukepo m'chipinda changa."

"Norbert ali ndi achikasu ambiri," anatero pang'onopang'ono. "Ndipo nyengo yozizira ija ankabwera kwanu."

Norbert! Mwamuna wa m'manja monyowa uja, amene anandivutitsa chaka chatha mpaka ndinasintha malo okwerera tiramu, kasitima ka m'tauni kaja. Kwathu anabwerako kamodzi, kudzabwereka nyale yotenthetsera, ndipo ndinamupatsira pakhomo. Ziemek ankadziwa zonsezi chifukwa tinkaseka naye limodzi. Lero dzina lomwelo anali kundipaka nalo kumaso.

"Ukufunsa za Wrona kapena za ine?"

"Ine sindinanene kanthu za iwe."

"Wanena."

Kenako anati, "Mawa ubwerebe. Mayi agula kale nyama. Tidzakambirana bwinobwino."

Ndinadula foni. Kupsa mtima ndinapsa, koma chimene chinandikulira ndi kunyansidwa. Munthu amene sabata yatha ankandipsompsona pa siteshoni anali atandiyeza n'kundipeza woti ndingazembetse wamkazi wanga kwa Norbert, kenako n'kudzamugoneka pa dzina la Bazalt.

* * *

Madzulo kunabwera meseji yochokera kwa Żaneta.

Żaneta ndi chibwenzi chakale cha Ziemek. Nayenso amaweta, koma kuweta kwake ndi kwa pa kamera. Amajambulitsa makanema akupsompsona analimata ndi milomo yopaka zofiira, zikhadabo zake zazitali zitazinga kanyama kosalakwa, ndipo anthu zikwizikwi amamuombera m'manja. Mayi ake a Ziemek mpaka lero amamutcha "mwana wanga". Ine ndi iye sitinalemberanepo chiyambire.

"Ndamva kuti kwaswa, achemwali. Mafuno abwino. Atuluka amtundu wanji?" Kumapeto anaikako kankhope koseka.

Chithunzi chija ndinatumizira munthu mmodzi yekha. Ndinayang'ana mesejiyo nthawi yaitali, kenako ndinapukuta galasi la foni pa siketi ngati pagwera chinthu chonata.

* * *

Lamlungu kunagwa mvula yamawawa. Ndinavala bulauzi yanga yabwino ndi juzi pamwamba, ndinagula keke ya tchizi, n'kukwera tiramu wopita ku Zabrze. Ziemek amakhala ndi mayi ake, Mayi Genowefa, ndipo tsiku limeneli tinalikonza kalekale kuti ndilo tidzawauze.

Mayi Genowefa analandira keke ija, kuitembenuza n'kuwerenga dzina la sitolo.

"Yogula," anatero. "Chabwino. Masiku ano atsikana ali ndi zambiri zochita."

Tinakhala patebulo. Anatigawira msuzi wa nkhuku, iwo n'kudzitengera khosi. Amakonda kuyamwa mafupa a khosi limodzilimodzi, mokweza, n'kumawayala m'mphepete mwa mbale. Ziemek maso anali mu supuni.

"Ndamva za tiana tija," anayamba motero, fupa lili kukamwa. "Ine zinyamazi sindizidziwa, koma za moyo ndimazidziwa. Mwana akabadwa wosafanana ndi bambo, sitifunsa bambo."

"Mayi," anatero Ziemek, mawu ake osafika ndi pa kabotolo ka mchere ka patebulo pomwe.

"Ndanama? Ife kuno timayang'ana kumene chinthu chadzera tisanachilowetse m'nyumba. Żaneta anakhala nawe zaka zingati, unamvapo zoterezi?"

Ndinaika supuni pansi.

"Ziemek, ndikufuna kumuona Bazalt."

Anatsamwa. "Akufundula. Ukudziwa kuti safuna kusokonezedwa."

"Sindimugwira. Ndingomuona."

"Tidye kaye, Bogna."

Ndinadzuka. Njira ya kuchipinda kwake ndimaidziwa. Pa shelefu panali mabokosi ake onse, timagetsi ta mphasa zotenthetsera tikuwala, koma malo a Bazalt anali pululu. Panangotsala chizindikiro cha fumbi. Ndinatembenuka, ndipo Ziemek anali pakhomo, nkhope itayera.

"Ali kuti?"

Maso ake anathawira ku kachipinda kosungira zakudya ka m'khonde. Ndinamukankha n'kukatsegula. Pansi pa simenti, pakati pa mabotolo a nkhaka ndi thumba la mbatatesi, panali bokosi. Nditalinyamula, pansi pake panali thaulo lonyowa lokulungira chithumba cha madzi oundana, chija timaika m'chikwama cha zakumwa popita kunyanja.

M'kati munali nalimata wakuda ndithu. Anali atagona chafufumimba, maso otseka theka, osagwedezeka. Mchira, umene mwa nalimata wathanzi umakhala wonenepa, unali utaonda ngati pensulo. Nditamugwira, anali wozizira ngati nyama ya m'filiji. Ndinawerenga zala za kumwendo wakutsogolo. Zinali zonse, palibe choduka.

Aliyense woweta amadziwa kuti nalimata akazizidwa amada, akatenthedwa amabwerera mtundu wake weniweni. Ndi chinyengo cha ogulitsa opanda chisoni, amene amaziziritsa nyama asanaijambule. Pa chionetsero tikamugwira wotere, palibe amagawana naye tebulo. Sindinaganizepo kuti ndingadzachipeze m'nyumba ya mwamuna amene ndinkafuna kukwatiwa naye.

"Bogna, tamvera..."

"Chakudya chikuzizira," ndinatero.

Ndinakweza juzi, kumasula batani limodzi, n'kumulowetsa nalimatayo m'bulauzi, pakhungu penipeni. Kuzizira kwake kunandilasa mpaka kumsana. Ndinabwerera patebulo n'kukhala pansi.

* * *

Mayi Genowefa anali atabweretsa nyama yokulunga yotchedwa rolada, timipira ta mbatatesi totchedwa kluski ndi kabichi wofiira. Sanaone kanthu. Anandigawira kachidutswa kakang'ono kwambiri n'kupitiriza pamene anasiyira.

"Ine sindikuda, mwanawe. Koma Ziemek wanga ndi wofatsa, anthu amamudyera masuku pamutu. Amakhulupirira aliyense. Kuyambira ali kamwana sananamepo, ukamuyang'ana m'maso amalira."

"Zoona?" ndinatero.

"Funsa aliyense pa mdadada uno."

Ndinadya pang'onopang'ono. Ndinadula kluski iliyonse pawiri, kuiviika mu msuzi, kutafuna bwinobwino. Ziemek sanakhudze mbale yake. Thukuta linali kutsika m'mbali mwa makutu ake, ndipo maso ake sankachoka pa juzi langa. Patapita nthawi ndinamva kanthu kakutakataka pansi pa bere langa, tizala tikukanda. Ndinapempha kabichi wina. Ndinayamikira msuzi. Mayi Genowefa anafotokoza za opareshoni yawo ya ndulu kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo ndinawamvetsera yonse.

Atadzuka kuti akatenge khofi, ndinati, "Mayi, dikirani pang'ono. Ndikufuna muone bambo wa ana aja."

Ndinalowetsa dzanja m'bulauzi, kumutulutsa, n'kumuika pa nsalu yawo yoyera, pakati pa mbale ya kabichi ndi mafupa a khosi aja.

Sanalinso wakuda. Anali wotuwa mofiirira ngati khofi wothira mkaka, mawanga akuoneka msana wonse, m'mbali muli chikasu. Anakweza mutu, kunyambita diso, n'kuyamba kuyenda kulunjika ku kluski.

"Yesu Maria, chichotseni patebulo panga!" Mayi Genowefa anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati.

"Ziemek," ndinatero, "awuze mayi ako kuti uyu ndi ndani. Uwayang'ane m'maso."

Anayang'ana nsalu. Mawu anatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe.

"Bazalt ndinamugulitsa."

"Liti?"

"Sabata yomwe unabweretsa Wrona. Kunali chionetsero, ndinamutenga kuti anthu angomuona. Bogna, ukanaona mmene ankalimbirana. Aliyense akufuna wakuda, aliyense akuwonjezera pa mnzake. Kenako kunabwera Mjeremani wina, anatchula mtengo woti sindinaumvepo. Ndinangozindikira bokosi lapita."

"Asanakumane ndi Wrona."

"Ndimati ndiwaphatikize ndikabwerako."

"Ndiye uyu?"

"Wrona anali atakonzeka, pamimba pakuoneka kale kuti akufuna wamwamuna. Ndinaopa kuti nyengo ipita. Żaneta anati ali ndi wamwamuna wakuda wa mtundu womwewo, andibwereka. Anabwera naye madzulo, kunja kukuzizira, ali wakuda bii. Ndinamuika kwa Wrona nthawi yomweyo."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Mwana woyamba kumene kuweta amadziwa kuti nyama yachilendo umaisunga payokha, umaitenthetsa, umaiona masana. Ziemek waphunzitsa anthu zimenezi pa tebulo lake kambirimbiri.

"M'mawa mwake anali atasintha," anatero. "Koma zinali zitachitika kale."

"Ndiye unadziwa kuyambira Malichi."

"Ndimaganiza kuti mwina ana atengera Wrona."

"Ndipo atapanda kutengera, unakumbukira Norbert."

"Ndinachita mantha, Bogna."

"Unachita mantha, n'kuwauza mayi ako kuti ndine woyendayenda. Unachita mantha, n'kugoneka kanyama aka pa madzi oundana kuti ndikasuzumira ndione chakuda. Wakhala ukumuzizira kangati? Nthawi iliyonse ndikamabwera? Taona mchira wake."

Mayi Genowefa anapeza mawu. "Komabe mtsikana wabwino sabweretsa buluzi patebulo la eni ake."

Ziemek anadzuka, kupita ku jekete lake lopachikidwa pakhomo, n'kubwera ndi kabokosi kofiira. Anagwada pambali pa mpando wanga, bondo lake likuponda kluski imene inagwa pansi.

"Ndalama zake sindinadye," anatero. "Ndinagulira iyi. Ndimafuna ndikupatse lero, ana ataswa, monga tinapanganira. Ndalakwa, ndikudziwa. Koma ndinachitira iwe."

"Mphete?" anatero mayi ake. "Ya uyu?"

Inali yokongola, sindinama. Kamwala kake kanali kuwala ngakhale kunja kunali mitambo. Miyezi yonseyi ndinkalota kabokosi kotere, ndipo mtima wanga wopusawu unadumpha usanandifunse. Koma nditayang'anitsitsa, ndinangoona Bazalt ali m'bokosi la munthu wachilendo, Wrona atawonongeredwa chaka chake choyamba, ndi dzina langa lili m'kamwa mwa mayi woyamwa mafupa.

"Dzuka," ndinatero. "Waponda chakudya."

"Sundiyankha?"

"Dzulo unali ndi mphete m'thumba pamene unkanditchulira Norbert?"

Ndinatola nalimata uja, kumubwezera m'bulauzi, n'kutenga ambulera yanga. Keke ndinawasiyira.

* * *

Mu tiramu foni sinapume ndi mameseji a Ziemek.

"Bazalt ali ku Germany, sindingamubweze. Koma ndidzapeza wina, ndikulonjeza."

"Żaneta anandipusitsa inenso. Kuyambira tsiku limenelo sindinalankhule naye."

"Ndimakukonda. Usandisiye chifukwa cha nalimata."

Chifukwa cha nalimata. Ndinatsala pang'ono kuiponya pawindo foniyo. Koma meseji yachiwiri ija ndinaiwerenga kawiri, ndipo ndinadzida pozindikira kuti ndikufuna kuikhulupirira. Ndinayamba kumupezera zifukwa ndekha. Ndi wamantha, inde, koma wamantha amasintha. Anapusitsidwa. Anagwada pamaso pa mayi ake, chinthu chimene sindinkayembekeza kuti angachite. Za meseji ya Żaneta ya dzulo ndinadziuza kuti mwina anamva kwa Mayi Genowefa. Pofika ku Bytom ndinali nditaganiza zomusiya avutike sabata imodzi, kenako ndimumvere.

Kanyama kaja kanali katagona phee pamtima panga, katafunda.

* * *

Ndisanatsegule chitseko ndinamva mayi akuseka. Mayi anga saseka ndi alendo anga. Pakhonde panali nsapato zazitali zofiira, ndipo nyumba yonse inali kununkha perefyumu wotsekemera mpaka kuwawa kukhosi.

Żaneta anali atakhala pampando wanga kukhitchini, akumwa khofi m'kapu ya alendo. Patsogolo pake panali kabokosi ka ana a Wrona.

"Bogna, bwanji sunandiuze kuti uli ndi mnzako waulemu chonchi?" anatero mayi, nkhope ili ngwee. "Akuti wabwera kudzatengako zina mwa zinyama zako. Ndamuuza kuti atenge ndi mphemvu zomwe."

"Mayi, mwalowa kuchipinda kwanga?"

"Ndangomusonyeza pamene pali bokosi. Wanyamula yekha."

Żaneta anamwetulira, akugogoda chivindikiro ndi chikhadabo. "Usakwiye, achemwali. Ndangobwera kudzatenga gawo langa. Wamwamuna ndi wanga, ndiye mmodzi mwa awiriwa ndi wanga. Mwambo ukuudziwa."

"Unabwereketsa nyama yoziziritsa."

"Ndinabwereketsa nyama. Woiona ndi maso ake anali Ziemek." Anamwa khofi n'kusiya chizindikiro cha milomo pa kapu. "Ndipo Wrona adzaikirabe mpaka kumapeto kwa chilimwe, eti? Onsewo ndi a mwamuna wanga. Tizionana pafupipafupi. Mayi, keke yanuyi mudzandiphunzitse."

"Ubwere tsiku lililonse, mwanawe," anatero mayi.

Ndinatulutsa nalimata uja m'bulauzi. Mayi anabweza mpando. Żaneta anangomuyang'ana ngati sokosi yakale.

"Ha, wamubweretsa? Waonda bwanji."

"Uyu sabwerera kwa iwe."

"Msunge. Ndi mphatso yanga ya ukwati." Anatsegula chikwama n'kutulutsa foni. "Ine ndili ndi wabwino. Sindinamuonetsebe kwa anthu, koma iwe ndi wapabanja."

Anandiikira foniyo pamaso. Mu kanemamo munali nalimata wakuda mpaka m'zikope, wonenepa mchira, akuyenda pa mphasa yotenthetsera ndi nyale ikumuwalira. Ameneyu sanali wozizidwa. Atakweza mwendo wakutsogolo, chala chimodzi chinali choduka.

"Bazalt ali ku Germany," ndinatero, ndipo mawu anga anandichititsa manyazi.

"Mjeremani uja ndi mwamuna wa mkulu wanga. Anangondigwirira bokosi mpaka pa galimoto."

Kanemayo anapitirira. Dzanja la mwamuna linalowa, Bazalt n'kukwerapo mozolowera. Mkono wa juzi unali wobiriwira, wosokedwa pachigongono ndi ulusi wosiyana pang'ono. Ndinasoka ndine, mwezi wathawu. Kenako kunamveka kuseka kwa Ziemek, kuja amaseka akakhala pamalo pamene wazolowera.

"Amamusowa, wachisoni," anatero Żaneta. "Ndiye ndimamulola kudzamuona Lachitatu lililonse. Ndimaphikako kenakake. Iwe amakuuza kuti amapita kuti Lachitatu?"

Ku mpira. Amandiuza kuti amakasewera mpira ndi anzake a kuntchito, ndipo ine ndinamugulira mankhwala opaka bondo.

Ndinapita pa sinki n'kutsegula madzi. Mayi anali atasiya kuseka. Anayang'ana Żaneta, kuyang'ana ine, kenako anachotsa mbale ya keke patsogolo pa mlendo wawo mwakachetechete.

Foni yanga inalira m'thumba. Ndinaitulutsa ndi dzanja lonyowa.

"Ndili pansi pa nyumba yanu. Ndabwera ndi mphete. Ndikuuza zonse, palibe chimene nditabise. Ndikukwera."

Ndisanamalize kuwerenga, kunamveka kugogoda pachitseko. Żaneta anatulutsa kagalasi, kukonza milomo yake, n'kundiyang'ana.

"Ukatsegula ndiwe, achemwali, kapena ndipite ine? Kugogoda kwake ndakuzolowera."